Mbatata yobaya singano ndi mkono wa Towela

Maganizo opita ku Lusaka anandipeza ndili pamzere wa sikelo pachipatala chathu cha ku Tembwe, Towela ali kumsana. Anali atangosiya kuyamwa. Atamupachika, muvi wa sikelo unaima pomwe unaima mwezi watha, pomwenso unaima mwezi winawo, ngati wina waukhomera msomali. A Sisita, namwino amene anatumizidwa kwathu kuchokera ku tawuni, anayang'ana khadi, anayang'ana ine, ndiye anati ndikhale pabenchi mpaka anthu athe.

"Elida, mkulu wanga ku Lusaka afuna munthu wa m'nyumba," anatero. "Ni mzimayi, ali yekha, alibe ana, savuta pa zakudya. Chabe sukulu inamupitirira pang'ono. Ukamuona alankhula yekha usathawe."

Ndinavomera pomwepo, ndisanafunse ngakhale malipiro. Panali patapita zaka ziwiri chichokereni njala ija ya chimanga chachikasu, amuna anga anali atamwalira, njoka inawaluma kumunda wa mpunga, ndipo chimanga chimene tinalima ndi amayi njovu zinachimaliza chisanakhwime. Ndinali ndi zaka makumi awiri, sukulu ndinalekeza giredi sikisi, mwana wanga sikelo ikukana kumukweza. Ndikanafunsa chiyani?

Tsiku lonyamuka ndinasiyira amayi mawu amodzi okha, ndipo ndinawanena katatu, pakhomo, panjira, ndi pamene ndinkakwera lole. "Amayi, Towela asapite kwa a NyaGoma."

A NyaGoma anali mkazi wamkulu wa amuna anga. Ine ndinabwera wachiwiri. Iwo anaika ana awiri m'manda, ndipo sanaberekenso. Ndi woumba miphika, wamtali, woonda, wosalankhulalankhula, ndipo miyezi yoyamba ya ukwati wanga ndi iwo amene anandiphunzitsa kuumba. Koma Towela atabadwa ankamuyang'ana kwambiri, kuyang'ana kosaphethira, moti ndinkamuphimba ndi chitenje. Tsiku lina ndikuchokera kumadzi ndinawapeza akumumanga mikanda yabuluu m'chiuno, osandifunsa. Ndinaidula ndi mano iwo akuona. Kuyambira pamenepo moni anatha, ngakhale nyumba yawo ili kuseri chabe kwa mitengo ya mango kuchokera kwa amayi, kumene ndinabwerera maliro atatha. Sindinawaonepo akuchita choipa chilichonse. Ndinkangoopa, ndipo mantha anga sankafuna umboni.

Za ulendo ndikumbukira fumbi la msewu wa ku Lundazi, ndi mkaka umene unanyowetsa bulawuzi yanga m'basi, ine nkumabisa ndi chikwama. Chimene sindinayembekezere ndi kuzizira kwa msana. Zaka ziwiri kunali munthu kumeneko, manje kunalibe. Ku Lusaka ndinkamanga chitenje pachifuwa ngati ndabereka, chopanda kanthu, kuti ndigwire ntchito bwino.

A Madamu, ndiwo mkulu wake wa a Sisita, ankaphunzitsa masamu pasukulu yaikulu ya ukachenjede. Anali aafupi, amagalasi, oiwala tiyi paliponse, pawindo, m'bafa, pamwamba pa wailesi. Ndinkaopa chitofu chawo chamagetsi, ndinkaopa agalu a pafupi, ndinkaopa foni ikalira. Koma zonsezi zinachepa tsiku lachitatu, nditalowa kukasesa m'chipinda chawo cha mabuku.

Patebulo panali mbatata. Inali yaitali, yonenepa mbali ziwiri, yochepa pakati ngati ili ndi chiuno. Anaibaya sipoko ya njinga kuti iime m'mwamba, anailemba mizere ndi bolopeni thupi lonse, ndipo monsemo munali singano, zamitu yofiira, zamitu yoyera. Pambali pake panali waya wopindika, kunsonga kwake mkanda umodzi.

Ndinatuluka chambuyo. Kwathu chinthu chotere sitifunsa kuti ndi chiyani, timafunsa kuti ndi ndani.

Milungu itatu ndinkasesa mozungulira tebulo lija ndikupemphera chamumtima, nsanza yanga osakhudza ngakhale mwendo wake. Koma maso sankamvera. M'mawa uliwonse ndinkawerenga singano, ndipo zinkawonjezeka. Mbatata inayamba kufota, kukwinyika, ine nkumati basi, kwinakwake munthu akuwonda. Kenako Loweruka lina a Madamu ananditenga kumsika, anaima pamulu wa mbatata, anatulutsa pepala m'chikwama, nayamba kunyamula imodziimodzi, kuitembenuza, kuiyerekeza ndi pepalalo, kuibweza. Mayi wogulitsa anapirira mpaka analephera.

"Amayi, mugula, kapena mwabwera kudzafunsira ukwati?"

"Ndifuna ya chiuno," a Madamu anatero, osaseka.

Anagula imodzi. Titafika kunyumba ndinalongedza zovala zanga m'pulasitiki, ndinaiika pafupi ndi chitseko, ndiye ndinagwada pakhomo la chipinda cha mabuku. Ndinafuna kudziwa ndisanathawe.

"A Madamu, munthu ameneyu anakulakwirani chiyani?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ana mbatata, anandiyang'ananso. Ndiye anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti, akupukuta misozi ndi kolala. "Elida, iwe. Milungu yonseyi udya chakudya changa uganiza ndine mfiti? Bwera, udzamuone munthu wako."

Anatulutsa chithunzi chakuda bii, chimene anzawo akunja anawatumizira pa positi. Pakati panali chinthu chotuwa, chamabowomabowo, mbatata yeniyeni. Kumbali, patali pang'ono, kadontho koyera ngati njere ya mpunga.

Anandiuza kuti kumwamba, kupitirira mwezi kutali kwambiri, kuli miyala yambiri imene imazungulira dzuwa, ndipo chombo china chopanda munthu chinadutsa pafupi ndi umodzi chikupita kwina, nkuujambula. Mwalawo kutalika kwake ndi ulendo wa tsiku pa njinga, ndipo umagubuduka wokha pafupifupi kasanu pa tsiku. Kadonthoko anthu anakaona patapita miyezi, zithunzi zitafika. Ndi kamwezi kake, kakang'ono koti ukhoza kukazungulira wapansi m'mawa umodzi. Palibe anali ataonapo mwala wotere uli ndi kamwezi kakekake.

"Ndiye mwala uli ndi mwana," ndinatero.

"Ngati ufuna. Manje ntchito yanga ni kupeza njira imene mwanayo ayenda."

Ndinafunsa kuti bwanji osangoyang'ana. Anati chombo chija chinangodutsa, sichinaime, chinaona kachidutswa kochepa chabe ka njirayo. "Zili ngati waona munthu adutsa pakati pa nyumba ziwiri, phwii, wapita. Ndiye uuze anthu kumene achokera, kumene apita, ndiponso kuti adzadutsanso liti." Mwezi wathu, anati, ndi wosavuta, chifukwa dziko ndi lobulungira, limakoka mofanana mbali zonse. Koma mbatata ikagubuduka, mutu wake ukayang'ana kamwana umakakoka kwambiri, chiuno chikayang'ana chimakalekerera pang'ono, kenako mutu winawo wafika, wakokanso. Singano zija zinali zizindikiro za pamene pali thupi lambiri ndi pamene pali lochepa. Chovuta chinanso, palibe ankadziwa kulemera kwa mwalawo, kaya ndi thanthwe lolimba, kaya ndi mulu wa timiyala togundizana.

"Sungaupachike pa sikelo ya mng'ono wanga," anatero. "Uyang'ana kamwana mmene kazungulirira. Ndiko kakuuza kulemera kwa mayi."

Ndinabweza pulasitiki yanga kuchipinda. Usiku umenewo ndinadya bwino koyamba.

Ndinali ndi mafunso ambiri kuposa ntchito. Kodi kamwanako kamagona? Kodi kumeneko kuli mphepo? Ngati kulibe mphepo, fumbi limapita kuti? Kodi azungu amene anatumiza chombo sangathe okha masamu amenewa? Pa funso lomalizali anati angathe, ndipo ali ndi makina aakulu kuposa kompyuta imodzi imene iwo ankalimbirana ndi anzawo ku ofesi. "Koma kumwamba kuli mpanda? Wauona?" Ndinati sindinauone. "Basi, nanenso ndilimako."

Mbatata yachiwiri itayamba kufota, a Madamu akudandaula kuti miyeso yawo yasokonekeranso, ndinalimba mtima. Ndinati mbatata idzafota nthawi zonse, koma dothi silifota. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chizungu.

Dothi ndinalipeza kudambo lina kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Ndinalisinja, ndinalisefa, ndinasakaniza ndi mapale opera, ndinalikanda mpaka linasiya kumata m'manja. Ndikuumba, zithunzi zili pamphasa patsogolo panga, ndinamva mawu a a NyaGoma m'khutu ngati aima kumbuyo kwanga: "Mphika uumba ni dzanja la mkati, NyaNguni. La kunja ni loonetsa chabe." NyaNguni ndi ine, ndilo dzina la kwathu. Ndinakwiya kuti akundithandiza ndili kutali chonchi, koma manja anga anali awo, ndikanatani.

Mbali imodzi inatha bwino, mabowo onse, chiuno, mutu waukulu ndi waung'ono. Nditautembenuza ndinaima. Zithunzi zonse zinali za mbali imodzimodziyo.

"A Madamu, kuseri kuli bwanji?"

"Sikunaoneke bwino. Kwina kunali mdima, kwina chombo chinali chitapita."

"Manje ndiumbe chiyani?"

Anaganiza, akuzungulira ndi kapu ya tiyi wozizira. "Umba itatu. Wina wa msana wosalala, wina wa linunda, wina wolowa mkati. Tione ngati kamwana kasamala."

Ndinaumba itatu. Iwo ankapachika uliwonse pa ulusi, uku ndi uku, kuti apeze pamene kulemera kwakhala. Ankaumiza m'ndowa nkuyeza madzi amene asefukira. Wina anaudula ndi ulusi ukadali wofewa, mapisimapisi ngati buledi, nkuyeza pisi iliyonse ndi rula, manambala nkupita nawo ku kompyuta. Ndinamva chisoni ndi ntchito yanga, koma ndinagwira rula.

Lachisanu lililonse ankabwera ndi pepala lalitali, lopindapinda, la timabowo m'mbali, nkuliyala pansi kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini. Pamenepo panali njira za kamwana, mazanamazana, iliyonse yoyesa kulemera kwina ndi liwiro lina, zozungulirazungulira ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Tinkagwada tonse awiri, iwo ndi bolopeni yofiira.

"Aka kayandikira kwambiri. Ona, mutu wa mwala wakakoka, wakakokanso, kagwa." Chizindikiro chofiira. "Aka kakokedwa kamodzi mwamphamvu, katayidwa kunja, kapita, sikabweranso." Chofiira. Zina zinkatuluka papepala penipeni, mzere nkuthera m'mphepete, ine nkumayang'ana pasimenti ngati upitirira. Zotsala zinali zochepa, zija zosayandikira kwambiri, zozungulira mwala wonse ngati chinthu chimodzi.

"Yeniyeni ni iti?" ndinafunsa.

"Sindidziwa."

"Miyezi yonseyi?"

"Ndidziwa zimene sizingatheke. Ni zambiri, usazinyoze."

Mapepala ofiirawo ankati nditayire pambaula, koma kuseri kwake kunali koyera, ndiye ndinkalembapo makalata a kumudzi. Mwezi ukatha ndinkapinda ndalama m'kalata, kupereka kwa kondakitala wina wodziwana ndi a Sisita, pamodzi ndi sopo, nthawi zina shuga. Amayi salemba, mayankho ankalemba a Sisita, ndipo anali aafupi ngati mankhwala: talandira, mvula yayamba, mwana ali bwino, amayi ako afunsa ngati zojambula za kuserizi ni misampha ya mbewa. Kamodzi ndinagula kadiresi pa salaula, pamsika wa zovala zovalidwa kale, kachikasu, ndinakasankha ola lathunthu. Yankho linati sikanalowe ngakhale mutu. Ndinali nditagulira mwana amene ndinamusiya, osati amene analipo. Ndinalira kuchimbudzi, madzi ndikutsegula kuti a Madamu asamve.

Ndi chifukwa chake ndinapempha chithunzi. Kuli bambo wina amene amayenda pa njinga ndi kamera m'midzi ya kwathu, ndinatumiza ndalama yake. Choyamba chinafika: Towela waima pakhoma la chipatala, masaya atuluka, akuyang'ana mokwiya ngati atate ake. Ndinachipsompsona mpaka chinayamba kufufuma. Chachiwiri chinafika nyengo ya Khirisimasi. Chachitatu chitafika, nthawi yozizira, ndinaziika pamodzi pabedi langa, ndipo m'pamene ndinaona.

Zonse zitatu zinali zodula mbali imodzi ndi sizasi. M'zonse zitatu mkono wamanzere wa Towela unkathera paphewa, pamene sizasi inadutsa.

Ndikanakhala Elida wa chaka chatha mwina sindikanaona. Koma ndinali nditatha miyezi ndikufunsa za kuseri kwa mwala. Mutu wanga unayamba kutulutsa njira zake, mazanamazana, ndipo zonse zinkathera pamoto. Kwathu ana amagwera pamoto nthawi yozizira, amayi amapita kumunda kukadali mdima, ndani amamuyang'ana? Ndinalemba kalata ya funso limodzi. Yankho linati mwana ali bwino, gwira ntchito. Ndinasiya kudya. Ndinawotcha bulawuzi ya a Madamu ndi ayironi, ndinaima pomwepo utsi ukukwera, osaona.

"Bweretsa zithunzizo," anatero a Madamu nditawafotokozera, bulawuzi ili m'manja.

Anaziyala patebulo la mbatata, anatenga galasi lawo lokulitsa limene ankaonera mabowo a mwala. Sanayang'ane Towela ayi. Anayang'ana pansi, pafumbi.

"Ichi anajambula m'mawa, dzuwa lili chammbali. Ona mthunzi wake, wagwera mkati mwa chithunzi. Uwu mutu. Uwu mkono wamanja. Manje uwu ni chiyani?"

Ndinayang'ana m'galasi. Mthunzi wa mkono wamanzere unalipo, wathunthu, wokwera m'mwamba. Kunsonga kwake unalumikizana ndi mthunzi wina, wautali.

"Mkono ulipo," anatero. "Wagwira munthu."

Ndinakhala pansi. Koma a Madamu anali atatenga kale bolopeni yofiira ndi pepala. "Amayi ako?" Ndinati angawadulirenji amayi anga pachithunzi changa. Chofiira. "Mng'ono wanga?" Tinayang'anana. A Sisita ndi onenepa ngati nkhokwe, mthunziwo unali ngati mtengo wa papaya. Chofiira, akuseka. "Mwamuna?" Mthunzi unali ndi mfundo ya duku pamutu. Chofiira.

"Watsala ndani?"

Dzinalo linali pakhosi, koma ndinkaona ngati ndikalitchula likhala loona.

Anavula magalasi. "Elida, mwala wanga palibe adzabwererako ine ndili moyo. Ndidzafa ndi njira zanga zotsalazi. Wako uli masiku awiri pa basi. Pita ukaone."

Manje pamene ndikulemba izi ndili ku Tembwe, ndipo ndikulemba kuseri kwa mapepala omwe aja, anandipatsa mtolo wathunthu. Ku Lusaka ndinabwererako, ndinagwiranso chaka china, ndiye ndinabwera kudzakhala. A Madamu amalemba nthawi zina. Kalata yomaliza inati njira zatsala zochepa kuposa kale, koma sizinafike pa imodzi, ndipo miyala yanga iwiri ikadali patebulo, wachitatu uja anaudula. Koma ndibwerere ku ulendo woyamba uja.

Ndinatsika lole ya thonje dzuwa lili pamutu, mwezi wotentha, mitengo yonse yopanda masamba kupatula mango. Kwa amayi kunalibe munthu, anali kudimba. Ndinaima pabwalo ndi chikwama, kuyang'ana. Pachingwe panalibe kachovala ka mwana. Pathandala panalibe kambale. M'nyumba munali mphasa imodzi. Ndiye ndinayang'ana pansi monga a Madamu, ndipo pafumbi panali timapazi, tambiri, takale ndi tatsopano, tobwera ndi topita, tonse panjira imodzi yolowera kumitengo ya mango.

Ndinatsatira. Sindinatulukire. Ndinaima kuseri kwa mtengo womaliza.

A NyaGoma anakhala pamphasa pakhonde, miyendo yotambasula, mphika wosatha pakati pa mawondo, dzanja limodzi mkati. Ndipo panali kamtsikana, kotalika kuposa ka m'mutu mwanga, kovala kamalaya kosoka pamanja. Ndinawerenga mikono. Iwiri. Ndinawerenga zala nditaima pomwepo, mmene ndikanathera. Kanathamangira nkhuku mpaka pankhokwe, kanabwerera kudzera kumbuyo kwa a NyaGoma, kanawakhudza paphewa, osaima, kanapitirira mpaka pamtondo, kanatola chitsononkho, kanazungulira, kanawakhudzanso. Iwo sankakayang'ana nkomwe. Ko sikankawayang'ana. Koma sikanapitirire nkhokwe, ndipo sikanalephere kubwera.

Ndinaonerera maulendo asanu ndi umodzi. Palibe anafunika kundiuza kulemera kwa munthu amene anakhala pamphasayo.

"Utuluke kumtengoko, NyaNguni, kuli nyerere," anatero a NyaGoma, osadzutsa mutu.

Ndinatuluka. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, kuyambira pamlatho wa Luangwa, koma anatuluka amodzi. "Ndinati asabwere kuno."

"Unatero. Amayi ako anandiuza."

"Nanga?"

"Anabwera yekha. Mwana sadziwa mawu amene unasiya."

Zina ndinazimva pambuyo pake kwa a Sisita, chifukwa a NyaGoma sakanazinena. Nthawi ya mvula amayi anali kutsidya, kulinda mpunga, mtsinje nkudzaza kuwatsekera komweko masiku atatu. Towela anamusiya kwa anansi, malungo anamugwira, anayamba kukomoka. A NyaGoma anamva kulira, analowa osaodira, anamunyamula paphewa, anawoloka naye kamtsinje ka kuchipatala madzi ali pachifuwa. Atachira anakana kugona kwina. Amayi anachita mantha kundiuza, a Sisita anati akandiuza ndisiya ntchito mwana asananenepe. Onse ankadziwa, mudzi wonse, kupatula ine amene ndinkatumiza sopo.

Koma tsiku limenelo ndinali ndi funso limodzi. "Anadula zithunzi ndani?"

"Ine. Ndi sizasi ya a Sisita." Anakanda dothi pang'ono. "Sankaima pamaso pa bambo wa kamera popanda chala changa. Manje chithunzi unaitanitsa ndiwe, mwana ni wako. Ine ndilowamo bwanji?"

Anandilozera ndi chibwano kuti ndilowe m'nyumba ndikaike chikwama. Maso atazolowera mdima ndinaona khoma. Makalata anga onse anali pamenepo, obaya ndi minga, koma otembenuza, mbali ya njira za kamwana kunja, mizere yozungulira ndi zizindikiro zofiira. Pansi pake panali timapepala titatu topyapyala, todula kuzithunzi zija. A NyaGoma, theka la nkhope, duku, dzanja lotsika, ndipo pa chala chawo kadzanja kopanda mwini.

"Amayi ako ankafuna kuyatsira moto," anatero ali panja. "Ine ndimamuonetsa. Ndimati izi ajambula amayi ako ku Lusaka. Kaya ni chiyani, sindidziwa. Udzandiuza."

Ndinatuluka, ndinagwada pafumbi, ndinatambasula manja. "Towela. Towela, bwera, ndine amayi."

Anaima. Anandiyang'ana ndi maso a atate ake aja, ndiye anathamangira kumbuyo kwa a NyaGoma, nabisa nkhope pamsana pawo. Ndinasendera, ndinamugwira pamkono, womwe uja wamanzere, ndinakoka pang'ono chabe. Anakuwa ngati ndamuwotcha. Kamalaya kanakwera, ndinaona mikanda yabuluu m'chiuno. Ndinamusiya. Mutu unkati nyamula, thamanga, ndi wako, chaka ndi theka wagwirira ntchito iyeyu.

"Usamukoke," a NyaGoma anatero motsitsa. "Khala apa."

Anasuntha pamphasa. Ndinakhala kumapeto. "Osati uko, ngati mlendo wa pamaliro. Apa." Anandikokera ndi chitenje mpaka chiuno changa chinagunda chawo, phewa ndi phewa, ine amene ndinali ndisanawapatse moni zaka zitatu. Anabudula dothi, anandiika m'manja.

"Tione ngati tawuni yakuchiritsa. Dzanja lako la mkati linali laulesi."

"Ndaumba ku Lusaka," ndinatero.

"Miphika?"

"Miyala."

"Miyala." Anapukusa mutu. "Anthu a ku tawuni agula chilichonse."

Tinaumba. Sindinatembenuke, ngakhale khosi linkawawa ndi kufuna. Patapita nthawi ndinamva timapazi tikuchoka. Nkhuku inalira kunkhokwe. Timapazi tinabwerera, tinafika pa a NyaGoma, ndiye tinaima, chifukwa njira yakale yodzera kumbuyo kwawo manje inali ndi munthu wina. Towela anadutsa patali, mbali yanga anailambalala mpaka kumtondo. Ulendo wachiwiri anadutsa pafupi pang'ono, ndinamva mpweya wake. Wachitatu anaima kumbuyo kwathu nthawi yaitali, akuyang'ana chimene chinali m'manja mwanga, chimene sichinali mphika, chinali ndi mitu iwiri ndi chiuno.

Ulendo wachinayi anabwera akuthamanga, akulankhula ndi chitsononkho chake. Anakhudza phewa la a NyaGoma monga mwa nthawi zonse, osaima, ndipo poti msana wanga unali panjira, anaukhudzanso. Kadzanja kanali kotentha, kamatope. Kanasiya chidindo pabulawuzi yanga, pakati penipeni, paja pankazizira.

"Osatembenuka," a NyaGoma ananong'ona. "Abweranso."